Mowa wa mu kegi utakana gasi, chinkhoswe chili pafupi

Makolo athu anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene anthu ambiri a kwathu ankabwera kuno ku Zimbabwe kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ine ndinabadwira kuno, ndipo ndimakhala ku Mufakose, mu mzinda wa Harare. Mayi athu ankafulula masese, moti fungo la chimera ndinalidziwa ndili mwana. Wa masese sadandaula za gasi. Mowawo umamwedwa ukuwirabe, umathetheka wokha m'chipanda. Ine ndinatsata njira ina. Mu 2020, nthawi imene tinatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid, ndinayamba kufulula mowa wa balere ndi hops (timaluwa topatsa mowa fungo ndi kuwawa) n'kumathira m'mabotolo. Ndinkaika shuga pang'ono, n'kutseka, pakatha masabata awiri mowa wagwira gasi. Chimene chinanditopetsa ndi kutsuka. Malita 19 amafuna mabotolo 25 a 750 ml, ndipo lililonse liyenera kuyera mkati ngati la mkaka wa khanda.

Ndiye mu 2022 ndinagula makegi awiri akale, timigolo tachitsulo tija ta Cornelius timene poyamba ankasungiramo zakumwa zoziziritsa kukhosi. Iliyonse imalowa malita 19. Ndinagulanso silinda ya gasi wa CO2 ya makilogalamu 2, regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wochoka mu silinda) ya mageji awiri, ndi kampopi kapulasitiki kokhala ndi paipi yaifupi. Zonse pamodzi zinandidyera madola 260 a ku America. Wogulitsayo anati makegiwo ndi abwino, ine ndinakhulupirira, sindinawayese. Cholakwa changa choyamba chinali chimenecho, ndipo ndinachilipira patatha miyezi.

Mu Okutobala achemwali anga anabwera kudzandiuza kuti a kuchimuna atchula tsiku. Chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi chidzakhala Loweruka pa 10 Disembala. Ine monga malume ndinali nkhoswe ya kuchikazi. Tikukambirana za nkhuku ndi ufa, iwo anati, "Achimwene, mowa wanu uja anthu amauyamikira. Simungatiphikireko?" Ndinavomera pomwepo, makegi onse awiri, malita 38. Ndinkafuna kuti a kuchimuna aone kuti mwanayu akuchokera pa khomo la anthu osamala.

Kuphika kunayenda bwino. Ndinasankha mtundu wa mowa wotchedwa ale chifukwa Okutobala wa ku Harare ndi wotentha, pamene mtundu wina uja wa lager umafuna kuwira pozizira. Mowa unawira masabata awiri, unayera bwino, ndipo nditalawa ndinamva kuti ndi wabwino kuposa wina uliwonse umene ndinapangapo. Pa 12 Novembala ndinauthira m'makegi, n'kuika mu firiji yathu yakale imene ndinachotsamo mashelefu. Regulator ndinaiika pa 12 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya gasi), monga mmene matebulo a manambala a anthu ofulula mowa amanenera.

Patatha masiku atatu ndinathira m'tambula. Unatsika phee ngati tiyi wozizira. Palibe thovu, palibe kuluma pa lilime. Apa sipanali vuto lililonse la zipangizo loti ndikanaliona, koma ine ndinayamba kale kuda nkhawa. Ndikanadziwa nthawi imeneyo kuti gasi amalowa mu mowa kudzera pamwamba pokha, pamene mowa wakumana ndi gasiyo, ndipo kegi ndi yopapatiza, bwenzi ndisanavutike. Pa 12 psi mowa wozizira bwino umafuna sabata imodzi kapena awiri. Masiku atatu si kanthu.

Sabata itakwana ndinayesanso. Chimodzimodzi. Usiku umenewo sindinagone bwino. M'mawa ndinatulutsa kegi imodzi, ndinakweza regulator kufika 30 psi, n'kuigoneka pansi, n'kuyamba kuigubuduza ndi phazi kwa mphindi khumi. Ndinkamva gasi akulira m'paipi, mtima n'kukhala pansi. Nditathira, tambula yonse inadzaza thovu. Thovulo litatsika panatsala mowa wa zala ziwiri, wakufa ngati poyamba. Ndinakoka kavalavu ka pa chivindikiro kutulutsa gasi, ndinagubuduzanso, ndinatulutsanso. Masiku anayi ndinali kuchita zimenezi pa kegi imodziyo. Nthawi iliyonse ndikatulutsa gasi, chipinda chonse chinkanunkhira hops. Ndinkaona ngati ndi chizindikiro chabwino. Sindinazindikire kuti fungo limene ndikulimva m'chipindamo likuchoka mu mowa wanga ndipo silidzabwereranso.

Loweruka pa 26 Novembala ndinatsegula firiji n'kupeza mageji onse awiri ali pa ziro. Silinda yatha. Chimene chinandizunguza mutu n'choti dzulo lake geji ija yoonetsa za mu silinda inali isanasunthe, muvi uli cha pa 800 psi ngati tsiku limene ndinagula. Apa pali chinthu chimene aliyense wogula silinda ayenera kuuzidwa. CO2 mu silinda amakhala wamadzimadzi. Malinga ngati mwatsala ngakhale kapu imodzi ya madziwo, muvi umakhala pamalo amodzi, umangosuntha ndi kutentha kapena kuzizira kwa malo. Ukayamba kugwa ndiye kuti mwatsala mpweya wokha, ndipo kutha kwake kuli pafupi. Geji imeneyo siuza munthu kuchuluka kwa gasi. Chouza zoona ndi sikelo. Pa phewa la silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ukaika pa sikelo n'kuchotsera nambala imeneyo, chotsalacho ndiye gasi wako.

Lolemba ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinakwera kombi ndi silinda m'chikwama kupita ku Graniteside, dera la mafakitale mu Harare. Kumene ndinafikira anati gasi alibe, ndisiye silinda ndidzatenge mawa. Kudzaza kunali madola 15, osawerengera makombi a masiku awiri ndi tsiku limodzi la ntchito. Ndinafunsa kawiri konse ngati ndi CO2 woyenera zakumwa, chifukwa wina wowotcherera zitsulo amakhala wosakaniza ndi gasi wina wotchedwa argon, ndipo ameneyo sayenera kuyandikira mowa. Masiku atatu onsewa makegi anga anali opanda gasi mkati.

Mayi a kunyumba ndiwo anandikumbutsa za bambo wina wa m'bungwe lathu la maliro, munthu wachikulire wa ku Ntcheu amene anagwira ntchito zaka zambiri m'bala la hotela, kusamala makegi ndi mapaipi. Ndinali ndisanawafunse chifukwa ndinkaopa kuti nkhani imveka pakati pa abale kuti mowa wa chinkhoswe wakanika. Lachitatu madzulo ndinapita kwawo, ndinawafotokozera zonse. Anandimvetsera osandidula, kenako anafunsa funso limodzi: "Mwana wanga, silinda yako ndi ya makilogalamu angati, ndipo yatha masiku angati?" Nditayankha anapukusa mutu. Anati gasi ameneyo sanalowe mu mowa, wapita kumphepo.

Nditawerengera ndekha pambuyo pake ndinaona kuti ananena zoona. Mowa wothetheka bwino umasunga magalamu pafupifupi 5 a CO2 pa lita. Kegi ya malita 19 ndiye kuti sifika ngakhale magalamu 100, ndipo ena mwa amenewo amakhalamo kale kuchokera pa kuwira. Kukankha mowawo kuti utuluke kumafunanso gasi wochepa chomwecho. Silinda ya makilogalamu 2 iyenera kusamala makegi ambirimbiri. Yanga inatha m'masabata awiri, ndisanamwe ngakhale malita awiri.

Anabwera kunyumba usiku womwewo ndi tochi, popeza magetsi kunalibe. Anapempha sopo wotsukira mbale ndi madzi m'kabotolo kopopera. Tinalumikiza silinda, tinakweza gasi, iwo n'kuyamba kupopera malo alionse olumikizana: pamene regulator yagwira silinda, pamene paipi yalowa, pa timitu tiwiri ta kegi, ndi kuzungulira chivindikiro. Pa kegi imene sindinaigubuduze panalibe kanthu. Pa inayo, m'mphepete mwa chivindikiro munayamba kutuluka tithovu ting'onoting'ono, timodzitimodzi, mwakachetechete. Khutu silingamve kudontha kotero. Titatsegula tinapeza kalabala kozungulira ka pa chivindikiro kataphwatalala ndi kuuma, mwina kanali komwe kaja ka nthawi ya zakumwa zoziziritsa kukhosi, chifukwa kankanunkhirabe zotsekemera. Popeza makegi onse awiri ankamwa pa paipi imodzi yogawikana, kudontha kwa imodzi kunamaliza gasi wa zonse. Pa regulator tinapezanso kuti kawashala kapulasitiki ka pakati pa iyo ndi silinda kanali kong'ambika.

Kegi ya mtundu umenewu ili ndi timalabala tisanu: kamodzi kakakulu pa chivindikiro, tiwiri kunja kwa timitu, tiwiri pa timapaipi ta mkati. Tonse pamodzi ndinagula madola 6. Wogula kegi yakale asinthe tonse asanathiremo chilichonse, apake mafuta oyenera zakudya, ndipo ayese kegiyo ili yopanda mowa. Bamboyo anandiphunzitsanso ziwiri. Chivindikiro cha kegi chimatsekedwa ndi mphamvu ya gasi wa mkati, ndiye ukangotseka uyambe wamenya 30 psi kwa kamphindi kuti chikhale bwino, kenako utsitse. Chinanso, ukafuna kudziwa ngati pali podontha, dzaza gasi m'kegi yopanda kanthu, tseka silinda, ugone. Ukapeza m'mawa muvi watsika, pali pobooka. Pochoka anandigwira paphewa n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndisiye kugubuduza.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Koma asanatuluke pageti anabwerera n'kufunsa kuti mowawo ukuzizira madigiri angati. Ndinati uli mu firiji. Anati sanafunse kumene uli. Mawa lake masana ndinathira m'tambula n'kuviika choyezera kutentha chimene ndimagwiritsa pophika mowa. Chinaonetsa madigiri 16.

Aliyense amene anali ku Harare kumapeto kwa 2022 akukumbukira. Madzi anachepa kwambiri m'damu la Kariba, ndipo kwathu magetsi ankabwera cha m'ma 10 usiku n'kuchoka kusanache. Firiji yakale, yotseguka kutsogolo, yoyaka maola asanu ndi awiri okha, singaziziritse malita 38 a mowa m'nyengo yotentha. Ndikagwira kegi m'mawa chitsulo chinkazizira, ine n'kumakhutira. Mkati mowa sunafikepo pozizira. Ndipo gasi amakonda mowa wozizira. Anthu ofulula amayeza gasi wa mu mowa ndi mavoliyumu, kutanthauza malita a gasi amene asungunuka mu lita imodzi ya mowa. Mowa umene tinazolowera m'mabotolo a m'sitolo umakhala cha pa 2.5. Pa madigiri 4, 12 psi imakufikitsa pamenepo. Pa madigiri 16, 12 psi yomweyo imangofika cha pa 1.7, ngakhale udikire mwezi. Pa madigiri 20 pamafunika pafupifupi 30 psi. Ndiye ngakhale chivindikiro chikanakhala chabwino, mowa wanga ukanakhalabe wofooka.

Palinso china chimene ndinachipeza pofufuza usiku umenewo, chokhudza ife a kuno makamaka. Matebulo a psi aja amawerengedwa ngati munthu ali m'mphepete mwa nyanja yamchere. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mpweya wa kunja kuno umapanikiza mochepa. Geji ya regulator imangoonetsa kusiyana kwa mkati ndi kunja. Ndiye 12 psi ya ku Harare ndi yofooka kuposa 12 psi ya ku Beira kapena ku Durban. Pamafunika kuwonjezera theka la psi pa mamita 300 alionse, kutanthauza 2 kapena 2.5 psi kwa ife. Pamene tebulo likuti 12, ine tsopano ndimaika 14. Achibale a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene ali cha pa mamita 1,000, nawonso awonjezereko. Kusiyanaku si kwakukulu ngati kwa kutentha, koma pa lilime kumamveka.

Panatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinayenera kuuza achemwali zoona, ndipo zinandiwawa. Iwo sanakwiye. Anangoti, "Achimwene, bwanji osanena kale? Alamu anu ali ndi sola." Alamu anga ku Kuwadzana, dera lina la Harare, ali ndi mapanelo ndi mabatire, komanso firiji ija yotseguka pamwamba, imene imasunga kuzizira nthawi yaitali chifukwa mpweya wozizira sutayikira pansi ukatsegula. Lachisanu pa 2 Disembala ndinalipira galimoto madola 10 kunyamula makegi ndi silinda. Silinda ndinaigwira yoimirira njira yonse, ndipo kumeneko tinaimangirira kukhoma. Sigonekedwa ikamagwira ntchito, chifukwa madzi a CO2 angalowe mu regulator. Ndinawachenjezanso alamu kuti ana asamaweramire mu firijimo. CO2 ndi wolemera, akadontha amadikha pansi, ndipo alibe fungo loti munthu angadziwire.

Firiji yotere imaumitsa, ndipo mowa umauma ukatsika pang'ono pansi pa ziro. Tinalibe kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa kokha, ndiye tinaika botolo la madzi pakati pa makegi, choyezera chili mkati mwake, alamu n'kumayatsa ndi kuzimitsa pamanja. Tsiku loyamba sindinalumikize n'komwe gasi wambiri, ndinangodikira kuti mowa uzizire. Loweruka madzulo botolo linaonetsa madigiri 4. Pamenepo ndinaika 30 psi, osagwedeza, kwa maola 24. Kenako ndinatseka, ndinatulutsa gasi wa pamwamba kamodzi kokha, n'kuika 14 psi. Njira yofulumizitsa imeneyi ndi yoopsa ukaiwala, chifukwa ukapitirira masiku awiri mowa umadzaza gasi mopyola, ndipo kumuchotsa kumavuta kuposa kumulowetsa. Ndinatchera foni kuti ilire nthawi ikakwana.

Lachinayi pa 8 ndinapita kukalawa. Nditatsegula kampopi, mowa unatuluka mothamanga, thovu lokhalokha. Litatsika, wotsalawo unali wofooka. Ndinakhala pansi pa khonde la alamu, mutu uli m'manja. Ndinaimbira bambo aja foni. Anafunsa kutalika kwa paipi ya mowa. Inali yosakwana mita, ndiponso yotakata mkati. Anandiuza kuti gasi alimo mu mowamo, koma akuthawira m'tambula. Mowa ukachoka pa 14 psi n'kufika panja mwadzidzidzi, gasi yense amatuluka nthawi imodzi kukhala thovu. Paipi yaitali ndi yopapatiza imaugwira kuti utsike pang'onopang'ono. Imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya 3/16 inchi mkati, pafupifupi mamilimita 5, yotalika mamita atatu. Ndiye thovu lambiri pamwamba pa mowa wakufa sindiye kuti gasi wachepa. Ine sabata ija ndinkagubuduza kegi, ndinkaona chizindikiro chomwechi n'kumawonjezera gasi.

Paipiyo ndinaipeza Lachisanu m'mawa, madola 8. Ndinaikulunga n'kuiika mu firiji momwemo kuti nayo izizire, chifukwa paipi yofunda imachititsanso thovu. Matambula ndinawatsuka padera ndi madzi otentha, osawasakaniza ndi mbale za ndiwo, popeza mafuta ngakhale ochepa amapha thovu. Kampopi ndinatsegula konse nthawi imodzi, osati pang'ono. Mowa wa kegi yoyamba unatsika bwino, thovu la zala ziwiri litakhala pamwamba, timadontho ta gasi tikukwera kuchokera pansi pa tambula. Ndinawapatsa alamu kuti ayambe ndiwo. Anamwa, n'kundiyang'ana, n'kuti, "Alamu, uwu ndi mowa."

Kegi yachiwiri sinapulumuke. Gasi inagwira bwino lomwe, koma fungo la hops linali litapita, ndipo pakamwa pankatsala kakomedwe konga ka katoni yonyowa. Imeneyo ndi ija ndinaigubuduza ndi kuitulutsa gasi masiku anayi, yomwenso inakhala masiku atatu ndi chivindikiro chodontha silinda itatha, mpweya wa kunja ukulowa, mowa uli wofunda. Mpweya ukalowa mu mowa wopsa kale palibe mankhwala ake. Alamu anati tiupereke, anthu akamwa awiri sazindikira. Ndinakana. Sindikanapereka mowa umenewo kwa anthu obwera kudzatenga mwana wa mlongo wanga. Ndinagula makireti awiri a mowa wa m'sitolo ndi ndalama imene ndinasungira yunifomu ya mwana wanga ya Januwale, ndipo mayi a kunyumba anadziwa ndisanagule.

Pa chinkhoswe kegi yabwino ija tinaiimika m'ndowa yaikulu yodzaza ayezi, titaphimba ndi thumba lonyowa, pansi pa mtengo wa mango. Inatha nkhuku zisanasinthanidwe n'komwe. Bambo a ku Ntcheu aja anabwera, ndipo tambula yoyamba ndinawapatsa iwo ndi manja awiri. Nditaphatikiza gasi, makombi, galimoto, timalabala, paipi, ayezi ndi makireti, ndinapeza kuti ndawononga madola opitirira 90 amene sindinawakonzere, osawerengera balere ndi hops za malita 19 otayika.

Lamlungu m'mawa ndinakatenga kegi yachiwiri ku Kuwadzana. Mowawo ndinauthira kuseri kwa nyumba, m'dzenje la manyowa. Ndinatsuka makegi onse awiri, ndinawadzaza gasi ali opanda kanthu, n'kutseka silinda. Kenako ndinaika silindayo pa sikelo ya kukhitchini, n'kulemba kulemera kwake ndi tsiku pa kapepala, n'kumata pa phewa lake. Lolemba m'mawa, ndisanapite kuntchito, ndinakayang'ana geji. Muvi unali pomwe ndinausiya.